Kodi snow agwa chaka chino? Momwe tingamvere ulosi wa nyengo yozizira ku mapiri a Scotland

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, m'magulu athu a WhatsApp mumayamba kuzungulira timapu tamitundumitundu ndi mitu ya nkhani yoopsa. Akuti kukubwera kuzizira komwe sikunaonekepo, akuti tsiku lakutilakuti snow adzakwirira Britain yense. Amene angofika kumene kuchokera kumudzi mtima umagunda, amathamangira kukagula majekete odula. Makolo ena amayamba kusungitsa malo ogona ku Aviemore, tauni ya kumapiri a Scotland, kuti ana akasewere pa snow nthawi ya Khirisimasi. Palinso achinyamata a kuyunivesite amene amawerengeratu ndalama za ganyu wa kumapiri a ski. Onsewa atsamira pa ulosi. Ndiye tiyeni tikambirane bwinobwino zomwe ulosi wa nyengo yonse yozizira umatha kunena ndi zomwe sungathe, makamaka pa mapiri asanu a ku Scotland komwe anthu amatsetsereka pa snow. Kwa ife okhala ku Glasgow, Edinburgh, Dundee, Aberdeen ngakhalenso kumpoto kwa England, amenewa ndiwo mapiri athu apafupi.

Ulosi wa miyezi itatu

Kumudzi, dzinja lisanayambe, a nthambi yoona zanyengo amalengeza kuti mvula ikhala yochulukirapo kapena yocheperapo kusiyana ndi zaka zonse. Mlimi amamva, amasankha mtundu wa mbewu, koma sakadzala chifukwa cha chilengezocho. Amadikira mvula yeniyeni inyowetse nthaka. Ulosi wa kunoko muziutenga chimodzimodzi.

A Met Office, nthambi yoona zanyengo ya kuno ku UK, amatulutsa mwezi uliwonse chikalata cholosera miyezi itatu ikubwerayo. Eni ake kwenikweni ndi makhonsolo, oyang'anira misewu, zipatala ndi makampani amagetsi, kuti adziwe kuchuluka kwa mchere wothira m'misewu kapena antchito oti akhale chire. Chikalatacho chimagawa nyengo patatu: yozizira kuposa masiku onse, yapakatikati, ndi yofundirapo. Chaka choti palibe chokokera uku kapena uko, mwayi umakhala 20 pa 100 kuti kuzizira kwambiri, 60 pa 100 kuti kukhala pakatikati, ndi 20 pa 100 kuti kufunda. Tsono mukaona kuti mwayi wa kuzizira wakwera kufika pa 30, dziwani kuti wakweradi, komabe mbali 70 mwa 100 zikunenabe kuti kuzizira koopsako sikuchitika. Nyuzipepala zina zimangotola 30 uja n'kumuika pamutu wa nkhani ngati chigamulo.

Chachiwiri, manambalawa amaphatikiza dziko lonse, kuyambira ku Cornwall mpaka ku Shetland, ndi miyezi yonse itatu pamodzi. Nyengo ikhoza kuwerengedwa kuti inali yofunda koma mkati mwake muli masabata awiri omwe mapaipi anaphulika m'nyumba za anthu. Chikalatacho sichikuuzani kuti pa malo otsetserekera a Glenshee padzagwa snow wochuluka bwanji, ndipo sichinalembedwere zimenezo.

A Met Office eni ake anapsapo nazo. Mu 2009 analosera chilimwe chabwino chowotchera nyama panja, koma kunagwa mvula. Kenaka ananena kuti mwayi waukulu ndi wa nyengo yozizira yofundirapo, koma nyengo ya 2009 mpaka 2010 inakhala yozizira koposa m'zaka pafupifupi 30. Anthu anawanena kwambiri, moti mu 2010 anasiya kulengeza ulosi wa nyengo yonse monga ankachitira. Ine ndimaona kuti vuto silinali sayansi yokha, koma makutu athu: iwo amanena za mwayi, ife timamva lonjezo.

Nanga timapu ta pa WhatsApp tija? Nthawi zambiri ndi chithunzi chimodzi chochokera mu kompyuta yolosera zanyengo, chosonyeza tsiku lomwe lili patsogolo ndi masabata awiri. Makompyuta amenewa amawerengera kangapo patsiku, ndipo mapu a m'mawa amatha kusiyana kotheratu ndi a madzulo. Kuno snow ndi wovuta kumulosera kuposa ku Canada kapena ku Norway, chifukwa nthawi zambiri kuzizira kumangozungulira pa ziro. Digiri imodzi yokha ndiyo imalekanitsa snow ndi mvula. Choncho ulosi wa snow woyenera kuutayira ndalama ndi wa masiku atatu, ukatalika asanu.

Zomwe azanyengo amayang'ana

Pali zinthu zitatu zomwe mudzazimva kawirikawiri, ndipo mukazidziwa simudzatengeka ndi mutu uliwonse wa nkhani.

Chachikulu pa zonse amachitcha North Atlantic Oscillation, mwachidule NAO. Ndi kusiyana kwa kulemera kwa mpweya pakati pa dera la Iceland ndi zilumba za Azores. Kusiyanako kukakula, mphepo imawomba mwamphamvu kuchokera kunyanja ya Atlantic kumadzulo, n'kubweretsa mvula, namondwe ndi kamphepo kofundirapo. Kukachepa, mphepo ya kumadzulo imafooka, mpata umapezeka woti mpweya wozizira wochokera kumpoto kapena kum'mawa ulowe. Mu 2009 mpaka 2010 kusiyanako kunachepa kwambiri, ndipo pa phiri la Cairn Gorm anthu anatsetsereka mpaka mu Juni.

El Niño ndi La Niña timawadziwa ndi kale, ndipo mwa njira yowawa. El Niño ndiye anabweretsa ng'amba ya 2024, pomwe boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lathu ali pa ngozi. Kumwera kwa Africa dzanja lake ndi lolemera. Ku Britain limafika litapepuka, chifukwa nyanja ya Pacific ili kutali. Zomwe akatswiri amaona n'zoti chaka cha El Niño chimakonda kuyamba ndi mvula ndi kufunda, kuzizira n'kubwera cha mu Febuluwale, pomwe cha La Niña chimakonda kuyamba ndi kuzizira n'kutha mofunda. Koma n'kupendekera chabe, ndipo zaka zambiri sizitsata ndondomeko imeneyi. Wina akakuuzani kuti chaka chino ndi cha La Niña ndiye snow ndi wosapeneka, wawonjeza mchere.

Chachitatu chimachitikira m'mwamba kwambiri pamwamba pa North Pole, makilomita 10 mpaka 50 kuchokera pansi. Nthawi yozizira kumeneko kumazungulira chimphepo champhamvu chomwe chimatsekera mpweya wozizira kumpoto. Zaka zina mpweya wa m'mwambamo umatentha mwadzidzidzi, mpaka madigiri 50 m'masiku owerengeka, chimphepo chija n'kusokonekera. Azanyengo amati sudden stratospheric warming. Pakatha masabata awiri kapena atatu, kuzizira kumatha kutsikira ku Ulaya. Ndi zomwe zinachitika mu Febuluwale 2018, pomwe kunabwera mphepo yochokera ku Siberia ija anaitcha Beast from the East. Chigawo chapakati cha Scotland chinalandira chenjezo lofiira, ndipo magalimoto mazanamazana anagona pa msewu wa M80 usiku wonse. Mukamva mawu amenewa pa BBC, tcherani khutu masabata otsatirawo, koma dziwani kuti si nthawi zonse kuzizirako kumagwera ku Britain. Ndiponso palibe amene angalosere mu Okutobala kuti zichitika liti.

Kufunda m'tauni sikutanthauza kuti kuphiri kulibe snow

Apa ndi pomwe ambiri timasokonekera. Timaganiza kuti nyengo yozizira kwambiri ndiyo ya snow wambiri kumapiri. Si nthawi zonse. Snow amafuna zinthu ziwiri, kuzizira ndi chinyezi. Nyengo ikhoza kuzizira mpaka mano kugundana koma kumwamba kuli mbee, osagwa kanthu. Nyengo ya 2013 mpaka 2014 inali yofunda ndi yamvula yosalekeza, ku England madzi anasefukira m'midzi yambiri. Koma mvula yomweyo, pamwamba pa mapiri a kumadzulo kwa Scotland, inkagwa ngati snow tsiku ndi tsiku, moti ku Glencoe ndi ku Nevis Range antchito ankachita kufukula malifti, makina okweza anthu kuphiri, omwe anakwiririka.

Chinsinsi chake ndi kutalika kwa phiri. Mukakwera mamita 150, kuzizira kumawonjezeka ndi digiri imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ku Glasgow kukakhala madigiri 6 ndi mvula, pamwamba pa phiri la mamita 1,100 pamakhala pa ziro kapena kunsi kwake. Vuto la Scotland n'loti mapiri ake ndi aafupi. Ben Nevis, lalitali pa onse mu Britain, ndi mamita 1,345 okha, osafika ndi theka lomwe la Sapitwa wa mamita 3,002. Malo otsetserekera ambiri amayambira pa mamita 600 kapena 650. Choncho mphepo yofunda ikabwera kuchokera kumwera chakumadzulo, mvula imagwa mpaka pansonga, ndipo snow amene anaunjikana sabata yathunthu amatha kusungunuka usiku umodzi. Pakatha masiku awiri wagwanso wina. Umu ndi momwe nyengo ya kuno imayendera, ndipo ndi chifukwa chake ulosi wa miyezi itatu sungakuuzeni za Loweruka lomwe mwapempha holide.

Komwe mphepo ikuchokera ndiko kumanena phiri loti lidye bwino. Kumadzulo kuli awiri. Glencoe Mountain, pa phiri la Meall a' Bhuiridh m'mbali mwa msewu wa A82, ndiwo malo akale pa onse, lifti yake yoyamba inaikidwa mu 1956, ndipo kuchokera ku Glasgow ndi ulendo wa maola awiri. Nevis Range, pa Aonach Mòr pafupi ndi Fort William, inatsegulidwa mu 1989 ndipo ili ndi gondola, timabokosi totsekedwa tolendewera pachingwe, moti ngakhale agogo obwera kudzacheza akhoza kukwera n'kukaponda snow osavala ma ski. Awiriwa amapindula mphepo ikamachokera kumadzulo kapena kumpoto chakumadzulo.

Kum'mawa kuli atatu, ndipo amakondwa ndi mphepo ya kumpoto kapena kum'mawa. Cairngorm Mountain ili pamwamba pa Aviemore, nsonga yake ndi mamita 1,245. Sitima yake yokwera phiri inayamba kuyenda mu 2001, inaima mu 2018 chifukwa cha zovuta pa mlatho womwe imayendapo, ndipo kuchokera apo yakhala ikutsegulidwa ndi kutsekedwa, ndiye fufuzani kaye musanawalonjeze ana. Glenshee, pa msewu wa A93 pakati pa Blairgowrie ndi Braemar, ndiyo yaikulu pa onse, yofalikira m'zigwa zitatu. The Lecht, pa A939 pakati pa Cock Bridge ndi Tomintoul, ndi yaing'ono ndiponso yotsika, koma kwa banja lomwe silinapondepo snow ine ndingasankhe imeneyi. Zitunda zake n'zosaopsa, ndipo mumaimika galimoto pomwepo, mwana akazizidwa mumalowa naye mkati mphindi yomweyo.

Za mwezi woti mupite, Khirisimasi ndi yosadalirika. Zaka zina Disembala amatha mapiri ali bii, udzu ndi miyala zili poyera. Snow wokhazikika amakonda kupezeka kuyambira chakumapeto kwa Januwale, ndipo Febuluwale ndi Malichi ndiyo miyezi yabwino. Malichi ali ndi ubwino winanso wa kuwala. Chakumapeto kwa Disembala ku Aviemore dzuwa limatuluka cha m'ma 9 koloko, pofika hafu pasiti 3 lalowa. Mu Malichi mumakhala ndi tsiku lathunthu, ndipo ulendo wobwerera simuyenda mumdima wokhawokha. Sabata ya holide ya sukulu ya pakati pa Febuluwale kumadzaza anthu, malo oimika magalimoto amatha m'mamawa.

Tinenenso zoona kuti nyengo ikusintha. Pa phiri la Braeriach pali kachigamba ka snow kotchedwa Sphinx, komwe kamakhala osasungunuka ngakhale m'chilimwe. M'zaka zonse za m'ma 1900 kanasungunuka katatu kokha, mu 1933, 1959 ndi 1996. Koma kuyambira 2021 mpaka 2024 kanasungunuka chaka chilichonse. Eni malo a ski anagula makina opanga snow, ena otha kugwira ntchito ngakhale kunja kusanafike pa ziro. Choncho mukaona chilengezo choti malo atsegulidwa, werengani bwino. Nthawi zina chomwe chatsegulidwa ndi kamzere kamodzi koyera ka ophunzira, pakati pa phiri lopanda kanthu. Kwa mwana wa zaka zisanu wokhala ndi sledge yake n'zokwanira. Kwa munthu amene wayenda maola asanu kuchokera ku Manchester kudzaona dziko loyera, n'kugwiritsidwa fuwa lamoto.

Kuwerenga ulosi wa sabata yomwe mukupita

Pulogalamu ya zanyengo ya pafoni panu imakuuzani za tauni ya Aviemore kapena Fort William, pansi pa chigwa. Phiri ndi nkhani ina. Tsegulani tsamba la Mountain Weather Information Service, lomwe anthu amangoti MWIS, kapena gawo la mapiri pa tsamba la Met Office. Onse ndi aulere.

Choyamba kuyang'ana ndi freezing level, kutanthauza msinkhu womwe kuzizira kwafika pa ziro. Tiyerekeze kuti alemba mamita 900, ndipo inu mukupita ku Cairngorm. Malo oimika magalimoto ali pa mamita 600 ndi kanthu. Snow amatha kutsika mamita 200 kapena 300 kunsi kwa mzere wa zirowo asanasungunuke, ndiye pagalimoto pompo mudzapeza zosakanikirana, theka mvula theka snow, zonyowetsa zovala, pomwe kumtunda kukugwa snow weniweni. Akalemba mamita 400, zinthu zili bwino phiri lonse, koma msewu ndiwo ungavute. Akalemba kuti mzerewo uli pamwamba pa nsonga zonse, khalani kunyumba, kukugwa mvula pa snow.

Chachiwiri ndi mphepo, ndipo masiku ambiri ndi imeneyi imatsekera anthu kunja, osati kusowa kwa snow. Pansonga pa Cairn Gorm anayezapo mphepo yothamanga mamailosi 173 pa ola, pa 20 Malichi 1986. Ikafika mamailosi 40 kapena 50 pa ola, malifti a mipando ndi gondola kawirikawiri amaima, ndipo munthu wamkulu amayenda modzandira. Mphepo imawonjezeranso kuzizira komwe thupi limamva. Madigiri 2 kunsi kwa ziro, kuli bata, ndi tsiku lokoma. Madigiri omwewo ndi chimphepo, tsaya la mwana limachita dzanzi m'mphindi zochepa.

Mukaona kuti ziwirizi zili bwino, yang'anani makamera omwe malo onse asanu anaika pa intaneti. Maso anu adzakuuzani zoona kuposa chilengezo. M'mawa wa tsiku laulendo, musanalize galimoto, werengani zomwe eni malo alemba pa tsamba lawo kapena pa Facebook, chifukwa m'pamene amanena malifti omwe ayende ndi momwe msewu ulili. Malo ogona sungitsani omwe amalola kusintha tsiku kapena kubweza ndalama, ngakhale atakwererapo mtengo pang'ono. Matikiti a lifti ndi zida zobwereka musalipiriretu milungu ingapo isanakwane pokhapokha mutawerenga zomwe amachita akatseka.

Msewu

Kunena mosabisa, choopsa chachikulu paulendowu si phiri ayi, koma msewu wokafikira kuphiriko, makamaka kwa ife amene tinaphunzira kuyendetsa galimoto kumalo komwe madzi saundana pa tala.

Misewu ya kumapiri ili ndi zipata zachitsulo zomwe apolisi amatseka snow akachuluka. Zilipo pa A9 cha ku Drumochter, pa A82 cha ku Glencoe, pa A93 mbali zonse ziwiri za Glenshee, ndi pa A939 pakati pa Cock Bridge ndi Tomintoul, msewu womwe umatchuka kuti ndiwo umayamba kutsekedwa chaka chilichonse. Pa Cairnwell, pomwe pali Glenshee, msewu umakwera mpaka mamita 670, ndipo palibe msewu waukulu wina mu Britain wokwera kuposa pamenepo. Mukapeza chipata chatsekedwa, bwererani. Musalole mapu a pafoni akulowetseni m'kanjira kolambalala, chifukwa tinjira timeneto magalimoto othira mchere sapitamo. Za misewu ikuluikulu monga A9 ndi A82 onani pa Traffic Scotland.

Lamulo limafuna kuti mizere ya tayala ikhale yakuya mamilimita 1.6, koma nyengo yozizira ndi bwino ikhale 3. Matayala apadera a nyengo yozizira si okakamiza kuno, komabe ngati mumakhala ku Highlands kapena ku Aberdeenshire, ndi ndalama yogwiritsidwa bwino. Pa ayezi galimoto imatha kutenga mtunda wochuluka kakhumi isanaime. Woopsa kwambiri ndi ayezi wosaoneka, black ice: msewu umangooneka ngati wanyowa, koma phokoso la matayala limangoti zii, chiwongolero n'kupepuka m'manja. Zikatero chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, musaponde buleki mwamphamvu. Ponyamuka pa snow yambani ndi giya yachiwiri. Potsika phiri gwiritsani giya yotsika kuti injini izigwira galimoto. Musananyamuke chotsani snow pa magalasi onse, pa nyali ndi padenga, ndipo galasi loundana musalithire madzi otentha, limang'ambika. M'galimoto muzikhala bulangete, tochi, fosholo yaing'ono, chakudya, fulasiki ya tiyi ndi chotchajira foni, ndipo mafuta akhale opitirira theka.

Ngati zonsezi zikukuchititsani mantha, palibe chamanyazi. Sitima yochokera ku Glasgow kapena ku Edinburgh imafika ku Aviemore m'maola pafupifupi atatu, ndipo kuchokera m'tauni muli basi yokwera kuphiri. Ku Fort William nakonso kumafika sitima ndi mabasi a Citylink. Ku Glenshee ndi ku Lecht ndiko kumafunika galimoto.

Machenjezo a Met Office ali patatu: achikasu, a amber ndi ofiira. Lachikasu likutanthauza kuti konzekani, ulendo ukhoza kuchedwa. La amber, ulendo wokasangalala ulekeni. Lofiira likutanthauza kuti moyo uli pachiswe.

Zovala, ana ndi malire a phiri

Jekete limodzi lalikulu silithandiza ngati zovala zingapo zopyapyala zosanjikiza. Mkati valani chothina chosasunga thukuta, pakati juzi, kunja chosalowa madzi ndi mphepo, thalauza lomwe. Jinzi ndi zovala za thonje zikanyowa zimayamwa kutentha kwa thupi. Snow wa ku Scotland ndi wonyowa. Mwana wovala magolovesi oluka akaumba mipira iwiri itatu, magolovesiwo amakhala atanyowa kale, ndipo posakhalitsa amayamba kulira, zala zitauma gwa. Mugulireni osalowa madzi, ndipo mutenge ena apadera pamodzi ndi masokosi. Zala zozizidwa muzifunditse m'khwapa kapena m'madzi ofunda pang'ono, osati pa hita kapena m'madzi otentha. Pakhungu lakuda kuyera kwa chala chomwe chayamba kuundana sikuoneka msanga, choncho muzimufunsa mwana ngati akumva mukamugwira. Akayamba kunjenjemera kosalekeza, kulankhula mosokonekera kapena kuodzera, mulowetseni mkati msanga, m'vuleni zonyowa, ndipo zikapanda kusintha imbani 999. Zovala zimenezi zimapezeka motchipa m'mashopu a kaunjika a mabungwe achifundo, ndiponso ku Aldi ndi Lidl nyengo ikamayamba. Ma ski, nsapato zake ndi chipewa cholimba amabwereketsa komweko. Ngati ndi koyamba, lipirani mphunzitsi, musaphunzitsidwe ndi mnzanu amene anapitako kamodzi.

Chomwe ndikupemphani ndi mtima wonse n'choti musadutse malire a malo otsetserekera pofuna chithunzi chabwino. Mkati mwa malire muli antchito olondera. Kunja kwake ndi thengo. Mtambo ukatsika pa snow, kumwamba ndi pansi zimafanana, munthu osadziwanso komwe kuli phompho, ndipo m'mphepete mwa zigwembe snow amamanga khonde lolendewera lomwe limathyoka ukaliponda. Mu Novembala 1971, ana asukulu asanu ochokera ku Edinburgh ndi mtsikana wina wowathandiza anafera pamwamba pa mapiri a Cairngorms atagwidwa ndi namondwe wa snow. Ku Braemar kunazizirapo mpaka madigiri 27.2 kunsi kwa ziro mu Januwale 1982, ndipo mu Febuluwale 2021 kunafika 23 kunsi kwa ziro. Okonda kukwera mapiri, amene kwathu munazolowera Mulanje kapena Zomba, dziwani kuti kuno nthawi yozizira pamafunika zida ndi maphunziro apadera. Bungwe la Scottish Avalanche Information Service limalengeza tsiku lililonse, kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Epulo, za kuopsa kwa snow wogumuka m'madera asanu ndi limodzi. Ngozi ikachitika kuphiri, imbani 999, pemphani apolisi, kenaka nenani kuti mukufuna mountain rescue.

Kwa odalira snow pa ntchito

Mahotela, malo odyera ndi mashopu obwereketsa zida ku Aviemore ndi ku Fort William amalemba antchito a nyengo yozizira, ndipo achinyamata athu ena amayesa mwayi kumeneko. Musanavomere, funsani maola omwe akukutsimikizirani pa sabata. Makontirakiti ambiri a ntchito zoterezi salonjeza maola, ndiye phiri likatsekedwa ndi mphepo, kapena snow akachedwa, mashifiti amadulidwa koma lendi osadulidwa. Nyumba ku Aviemore n'zosowa ndiponso n'zodula, choncho funsani ngati ntchitoyo ili ndi pogona. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: bajeti yanu, ndi ndalama zomwe mwalonjeza kutumiza kumudzi za feteleza kapena fizi ya Januwale, muziwerengere pa maola olembedwa pa kontirakiti, osati pa ulosi woti chaka chino kukhala snow wambiri. Ngakhale snow atagwa, zina zimatha kulowerera. Nyengo ya 2020 mpaka 2021 mapiri anadzaza bwino, koma nthawi yambiri ya nyengoyo malo onse anali otseka chifukwa cha Covid-19. Za ntchito ya m'hotela, nthawi yotanganidwa yodalirika ndi Khirisimasi, Chaka Chatsopano, holide ya Febuluwale ndi Pasaka, chifukwa alendo amabwerabe kaya kuli snow kaya kulibe.

Samalani ndi visa. Ophunzira digiri amaloledwa maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo amene munabwera pa visa ya ntchito yosamalira odwala ndi okalamba, ganyu wowonjezera ali ndi malamulo ake omwe muyenera kuwerenga pa gov.uk musanavomere. Ngati anzanu akukukokerani ku mapiri a Alps, komwe snow ndi wodalirikapo chifukwa cha kutalika kwa mapiri, kumbukirani kuti pasipoti ya Malawi imafuna visa ya Schengen kuti mulowe ku France, Austria kapena Switzerland, ndipo chilolezo chokhalira ku UK sichilowa m'malo mwake.

Alongo ndi abale amene mumayenda ndi galimoto khomo ndi khomo kusamalira okalamba m'midzi ya ku Highlands, Perthshire ndi Aberdeenshire, inu ndi amene nkhani ya snow imakukhudzani kuposa otsetsereka, chifukwa simungasinthe tsiku. Afunseni abwana anu mu Novembala momwe, snow asanagwe, kuti ndondomeko ya kampani ndi yotani chenjezo la amber kapena lofiira likatuluka, ndi agogo ati amene ayenera kufikiridwa zivute zitani, ndani amapereka galimoto yamphamvu misewu ikatsekeka, ndiponso ngati mumalipidwa mukalephera kufika. Yankho lake likhale lolembedwa. Sungani nambala ya 105 ya magetsi akazima ndi 111 ya NHS 24, ndipo tsiku la snow muzimuuza wina njira yomwe mwadzera ndi nthawi yomwe mukuyembekeza kufika pakhomo lotsatira.